Tsiku Lomwe Anayanika Mafilimu Padzuwa ku Nselema

Kokerani mkekawo kuno kumthunzi, ana inu, ndipo iwe Rajabu ika foniyo pansi, siithawa. Nandolo ameneyu sadzisenda yekha. Manja azigwira ntchito, makutu azimvetsera.

Dzulo Asiyatu wandizunguza mutu ndi za kusukulu kwake. Ndinangomufunsa kuti kodi kukoleji kumene ukuthera nsapatoko ukuphunzirako chiyani, ine kuyembekeza kumva za unesi kapena za uphunzitsi. Iye akuti, "Anganga, tikuphunzira za kuwala." Ine kuseka. Kuwala nakonso n'kolipirira fizi? Akuti kuwala tikukuonaku kuli ndi timbewu take ting'onoting'ono toti sungatigawenso pawiri, ndipo vuto lake n'lakuti ukafuna kudziwa ngati kambewu kamodzi kalipo, chipangizo chokaoneracho chimakameza. Wadziwa kuti kanalipo, koma tsopano palibenso. Ndiye akuti anthu ophunzira kunjako anapeza nzeru. Amakatsekera kambewuko pakati pa magalasi awiri oyang'anizana, n'kumadutsitsapo tinthu tina totchedwa maatomu. Tinthuto timatuluka titasinthako pang'ono, ndipo poona kusinthako amadziwa kuti kuwala kulimo, koma osakumeza, osakuzimitsa. Ndinamufunsa ngati zikufanana ndi mwana wodutsa kukhitchini, amene umadziwa kuti moto ulipo chifukwa malaya ake akununkha utsi. Akuti, "Pang'ono, anganga, koma si ndendende." Mwana ameneyu savomera msanga, anatengera agogo ake aamuna.

Za maatomuzo sindinazimvetse, ndisakunamizeni. Koma nkhawa yakeyo, yofuna kuona chinthu chomwe chimafa ukangochiona, imeneyo ndikuidziwa bwino. Ndinakhala nayo m'nyumba zaka zambiri, ndipo tsiku lina inandikweza basi mpaka ku Nselema.

Inu mwandipeza ndili nkhalamba ya ku Balaka, koma ine kwathu ndi ku Rivirivi. Bambo anga a Yakobe anali mlimi wa thonje, munthu wa tchalitchi wosaphonya Lamulungu. Ubwana wanga wonse unathera m'munda wa thonje, kutola mpaka zala kuchita zilonda, kenako kusankha loyera ndi lothimbirira pakhonde, mphuno zili yetseyetse. Agogo anu Che Amidu ndinakumana nawo pamsika wa thonje pomwepo. Anabwera panjinga, kamera ili lende pachifuwa, akuitana anthu kuti ajambulitse ndalama zisanathere ku mowa. Anandijambula ine osawapempha, ati kuyesa makina. Sabata yotsatira anabweranso, ati chithunzi chija sichinatuluke bwino, tibwereze. Anabwereza mpaka amalume anga anawafunsa kuti kodi makina anuwa amavuta pa mwana wathu yekhayu? Umo ndi mmene mwana wa Mkhristu anakwatiwira kwa Msilamu, ndipo abale awo ankangonditchula Abiti Yakobe, kutanthauza mwana wamkazi wa a Yakobe.

Situdiyo yathu inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi siteshoni ya sitima. M'chipinda choyamba munali nsalu yaikulu yojambulidwa nyumba yosanja ndi ndege ikuuluka pamwamba pake. Munalinso wailesi yopanda mabatire, telefoni yopanda chingwe, maluwa apulasitiki, ndi jekete imodzi yakuda yobwereketsa aliyense. Jekete imeneyo inafunsira akazi ambiri kuposa mwamuna aliyense wa m'Balaka. Mnyamata ankabwera ndi zigamba, n'kutuluka pachithunzi ngati kalaliki wa ku boma akuimbira foni ku Limbe. Musaseke, inunso ndimakuonani mukujambulitsa mutatsamira galimoto za eni.

Nthawi imeneyo inali ya chipani chimodzi, ndiye chilichonse chinali ndi malamulo ake. Chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chinkapachikidwa pamwamba pa zonse, pasapezeke china chochiposa msinkhu, ngakhale wotchi. Mtsikana asanaime kutsogolo kwa kamera ndinkayamba ndamukokera diresi pansi pa mawondo, ndipo agogo anu ankasunga sizasi m'thumba chifukwa cha anyamata osunga tsitsi. Ankati pakamwa pamakana mlandu koma chithunzi sichikana.

Chaka chathu chinkayenda ndi matumba a anthu. Thonje likagulidwa, pakhomo pankadzaza mpaka kusowa nthawi yomwera madzi. Kenako inkabwera nyengo yotulutsa anyamata ku jando, atavala zatsopano, maso ali pansi, makolo akukankhana kuti aime pafupi nawo. Pa Idi tinkajambula mikanjo, pa Khirisimasi masuti. Koma dzinja likalowa, anthu ankaiwala kuti ali ndi nkhope. Apo agogo anu ankakweza njinga pabasi n'kupita kumidzi ya ku Machinga, kwawo, kukajambula maukwati ndi makanda. Ankabwerako ndi nkhuku, makaka, matemba, nthawi zina ndi malungo.

Tsono mvetserani apa, chifukwa mukapanda kumva izi nkhani yonse ikusokonezani. Kamera yathu inali kabokosi kakuda ka maso awiri, koyang'anira pamwamba utawerama ngati ukupepesa. Mkati mwake tinkaikamo filimu, kansalu kaulesi kokulungidwa pamodzi ndi pepala lochindikala. Ukatsina batani, kuwala kunkalowa kamodzi kokha, mwachangu kuposa kuphethira, n'kukakhala pafilimupo. Munthu uja ndiye kuti walowa, koma saoneka ayi. Amakhala chobisala mpaka filimuyo itatsukidwa m'mankhwala, mumdima wa ndiweyani. Ukangoti nditsegule ndisuzumire ngati walowadi, kuwala kwina kumakhamukiramo n'kufafaniza zonse. Chomwe unkaloledwa kuona ndi kawindo kofiira kumbuyo kwa kamera, kakang'ono ngati batani la malaya. Pamenepo pankaoneka nambala ya papepala lija, yokuuza kuti filimu ilimo ndipo yafika pakutipakuti. Zoti muli ndani, akuseka kapena watsinzina, unkangokhulupirira.

Agogo anu anali a kuwala, ine ndinali wa kumdima. Chipinda chachiwiri chija chinali changa. Tinamata dothi m'mabowo onse a malata, pachitseko tinakhomapo mabulangete awiri, ndipo pakhoma tinaboola timabowo tiwiri. Kena tinatsekapo ndi galasi lofiira la nyali ya kumbuyo kwa lole, kenako ndi kathabwa kotsegula. Magetsi tinalibe, dzuwa ndilo linali nyali yathu.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa yoopsa. Agogo anu anali atapita ku Chikweo, ndipo tsiku lina m'mawa dalaivala wa lole anaima pakhomo n'kukuwa ali m'galimoto momwemo kuti, "Mayi, amuna anu agwera mumtsinje ndi njinga, mwendo wathyoka, ali ku Nselema kwa azakhali awo!" Ndinasiya ana kwa aneba, ndinamanga khadi la chipani pamfundo ya chitenje, ulendo. Masiku amenewo ukanatha kuiwala nsapato, koma osati khadi. Basi yake inali ija yoima paliponse pamene munthu watukula dzanja, ndipo titadutsa Ntaja tinatsika kangapo kukankha m'matope, amuna kutsogolo, ife akazi pambuyo tikuwalangiza.

Ndinawapeza agogo anu atagona pakhonde, mwendo uli m'pulasitala, nkhope yatuwa. Anali atangobwera nawo kumene kuchokera kuchipatala. Ndisanawafunse n'komwe za mwendo, iwo anandilozera kuseri kwa nyumba ndi mlomo. Ndinazungulira, ndipo zomwe ndinaona, ana inu, mpaka lero ndikazikumbuka ndimafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Dzuwa linali litatuluka bwino tsiku limenelo. Pachingwe panali malaya awo, buluku ndi thaulo. Pamkeka anayanikapo chikwama, zipangizo za njinga, makaka onyowa. Ndipo pambali pa makakawo, atatambasulidwa bwinobwino, miyala itapsinja kumapeto kuti mphepo isaulutse, panali mafilimu onse amene agogo anu anajambula ulendo umenewo. Chapakati panakhala mayi wina wamkulu, wamtali, wa mpango woyera, atapanira kamera pakati pa mawondo, akulowetsa nsonga ya mpeni pachitseko chake.

"Amayi, iyayi!" Ndinakuwa ngati ndaona mwana akugwira njoka. Ndinadumpha mkeka n'kuwalanda kamerayo m'manja, moni osapereka.

Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi mwana wopanda mwambo ameneyu ndi wa yani?"

Atauzidwa kuti ndine mkazi wa Che Amidu, anatsitsa mpeni. Ine ndinagwada n'kupepesa, ndipo mpamene ndinamva nkhani yonse. Mayiwo anali Abiti Bwanali a ku Chikweo. Alongo awo, Che Saidi, anali nkhalamba yomwe moyo wawo wonse inkakana kujambulidwa, ati nkhope ndi yoonetsa kwa Mulungu, osati yoika m'thumba. Koma mwana wawo yekhayo wamwamuna anali kumigodi ku Joni zaka zambiri, ndipo ankachonderera kuti amutumizire nkhope ya bambo ake. Abiti Bwanali anawaumiriza alongo awowo mpaka anavomera, agogo anu n'kuwajambula. Mvula inawatsekereza agogo anu m'mudzimo, ndipo asananyamuke n'komwe, Che Saidi anagona madzulo osadzukanso. Anaikidwa m'mawa mwake mosachedwa monga mwa Chisilamu. Padziko lonse lapansi, nkhope yawo inatsala malo amodzi okha, m'chikwama cha agogo anu. Ndiye Abiti Bwanali atamva kuti chikwamacho chagwera m'madzi, anayenda wapansi kuchoka ku Chikweo kudzapulumutsa alongo awo.

"Ndapeza zonse zili chinyowere m'chikwama, amuna ako ali kuchipatala," anatero. "Chinthu chonyowa umachisiya mumdima kuti chichite nkhungu? Ndamasula timipukutu tonseti, koma taona, mwanangu, mulibe munthu ngakhale mmodzi. Madzi atsuka anthu onse. Ndimati mwina zikauma abwerera. Katsala ndi kabokosi akaka, kakukanika kutseguka."

Kodi mukanawayankha chiyani? Iwo anachita zomwe mayi aliyense wanzeru amachita. Chimanga chikanyowa timayanika, chinangwa timayanika, mwana akakodzera mphasa timayanika. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuwauza pang'onopang'ono kuti madzi sanatsuke munthu aliyense. Anthuwo analimo, kungoti sankaoneka, ndipo chomwe chawachotsa ndi dzuwa.

Anayang'ana mafilimu aja pamkeka. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono osayenera thupi lawo lija. "Ndiye kuti achimwene ndawafafaniza ndine?"

Tinapita pakhonde kukawafunsa agogo anu kuti Che Saidi ali pa filimu iti. Iwo anagwira mutu. Anati akukumbuka kuti anasintha filimu pakhomo pa Che Saidi pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, koma sakukumbuka ngati anasintha nkhalambayo isanakhale pampando kapena itadzuka kale. Ngati anasintha isanakhale, ndiye kuti ili m'kamera. Ngati anasintha pambuyo, ndiye kuti ili pamkeka paja pamodzi ndi makaka. Ndinasuzumira pakawindo kofiira, nambala inkaoneka, filimu ilimo ndipo yajambulako ndithu. Kupitirira apo kawindoko kanalibe mawu.

"Basi tsegulani pang'ono pokha, ndisuzumire ndi diso limodzi," anatero Abiti Bwanali.

"Amayi, diso limodzi likalowa, dzuwa lalowa kale."

"Nanga tidziwa bwanji?"

"Tikadziwira ku Balaka, mumdima."

"Mumdima munthu amadziwiramo chiyani?" Anapukusa mutu, koma anali atayamba kale kumanga kampukutu kawo. Agogo anu anati ndisachedwe, chifukwa ngati madzi analowa m'kamera, filimu ikauma momwemo imamatirira kupepala. Choncho mwamuna wanga wothyoka mwendo ndinamuona nthawi yongokwanira kumwa kapu ya thobwa, n'kumusiya m'manja mwa azakhali ake. Anandikumbutsa zimenezi mpaka ukalamba.

M'mafilimu a pamkeka aja munali ukwati wathunthu wa anthu a ku Nselema komweko. Tinadzaujambulanso agogo anu atachira, anthu n'kuvalanso zovala zawo zija, koma diresi la mkwatibwi linali litayamba kukana kutseka pamimba. Anachita kumuimika kumbuyo kwa maluwa. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ulendo wobwerera sindidzauiwala. Abiti Bwanali, atamva kuti mdani ndi dzuwa, analimbana nalo ngati lawabera mbuzi. Kamera anaikulunga m'mpango, mpangowo m'thaulo, n'kuibereka kumbuyo ndi chitenje, pamwamba n'kufunditsa china. M'basi anasamutsa bambo wina pampando wa kumthunzi, ndipo basi ikakhota, dzuwa n'kubwera mbali yathu, ankasamukanso. Anthu ankangoti mwanayo ngodwala kwambiri, mpaka mayi wina anatipatsa nthochi kuti timusendere. Pa Liwonde anakwera anyamata a chipani oona makadi. Mmodzi, kamnyamata koti ndevu sizinamere, ataona athu analoza kumbuyo kwa Abiti Bwanali.

"Nanga mwanayo khadi lake lili kuti?"

"Ameneyu ndi wamkulu kuposa bambo ako," anayankha osamuyang'ana n'komwe. "Ukamuvundukula, ukafotokoza wekha kumanda."

Mnyamata uja anatsika basi chobwerera m'mbuyo. Ine ndinachita mantha, chifukwa masiku amenewo mawu ochepa kuposa amenewo ankamugonetsa munthu kupolisi. Koma basi itangonyamuka, kondakitala anaseka mpaka kukhala pansi pa masitepe.

Tinafika ku Balaka kutada, ndipo ntchito tinaiyamba m'mawa mwake dzuwa litakwera, chifukwa ndinkalifuna pa mapepala. Ndinasungunula mankhwala, ndinaika mabeseni atatu pamzere, ndinatseka timabowo tonse tiwiri, ngakhale kofiira kaja, pakuti filimu siifuna kuwala kwa mtundu uliwonse. Ndinawauza Abiti Bwanali kuti adikire panja. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Achimwene atuluke m'bokosi n'kupeza mlendo yekhayekha? Ngwamba, sizitheka. Ndilowa."

Ndinawapatsa ntchito yotsamira chitseko. Nditakoka bulangete, mdima unatigwira. Inu simuudziwa mdima, ana inu, ngakhale magetsi akazima mumakhala mukuwalitsana ndi mafoni. Umenewo unali mdima woti ukatsegula maso kapena kutsinzina n'chimodzimodzi. Ndinamva Abiti Bwanali akunong'ona Bisimila, ine n'kuchita chizindikiro cha mtanda mwachizolowezi cha kwathu, poti palibe amene akanandiona.

Ndinapukusa kachitsulo kokulungira filimu pang'onopang'ono, khutu lili pakamera. Inayenda bwino, kenako inagwira. Ndinaima. Ndinapukusanso mwaulemu ngati ndikuchotsa minga paphazi la mwana, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono, kuti tswee, ngati pepala likumatuka. Madzi anali atalowadi, ndipo penapake panali patamatirira.

"Chalira n'chiyani?" anafunsa mumdimamo.

"Palibe, amayi."

"Usandinamize, ndamva. Kodi alimo?"

"Sindikudziwa."

"Si uli nayo m'manja?"

"Ndili nayo, koma zala sizimaona nkhope. Ndipo ndikugwira m'mbali mokha, pakati sipogwira."

Ndinalekanitsa filimu ndi pepala lake, ndinagwira nsonga ziwiri, n'kuyamba kuiyendetsa m'beseni loyamba, dzanja ili kukwera, ili kutsika. Apa panalinso vuto lina. Nthawi ya m'mankhwala inkayezedwa ndi wotchi ya agogo anu, ya mivi yowala mumdima, ndipo wotchiyo inali itamwa madzi a mumtsinje muja. Ukafulumira kuvuula, anthu amatuluka ofooka ngati utsi. Ukachedwa, amapserera. Mwayi wake, zaka zonsezo ndinkakonda kung'ung'udza nyimbo ina ya pamtondo ya kwathu ku Rivirivi pogwira ntchitoyi, ndiye ndinkadziwa kuti ndikaibwereza kangati agogo anu amati basi. Ndinayamba kuimba.

"Ukuimba nyimbo yosinjira pa maliro a achimwene?"

"Ndiyo wotchi yathu, amayi. Ndikasokoneza, apserera."

Ndinapitiriza kuimba ndekha. Koma nditafika pobwereza, ndinamva mawu okhuthala akundivomera kuchokera kuchitseko. Nyimbo sankaidziwa, ankangotsatira, mawu ena akuika a Chiyao. Tili pakati, munthu anagogoda, ati akufuna chithunzi cha pachiphaso, ndipo anayamba kukankha chitseko. Abiti Bwanali anabangula mawu amene sindingawabwereze pamaso pa ana. Munthuyo sanabwerenso, ndipo ndikuganiza kuti anasamukira ku Ntcheu.

Nyimbo itatha ndinaviika filimu m'madzi, kenako m'beseni lachitatu, la mankhwala olimbitsa kuti kuwala kusaiwonongenso. Tinadikira. Ndinkangomva kupuma kwawo ndi sitima ikukuwa kusiteshoni. Ndinali ndi mantha, ana inu, mantha enieni, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikatsegula kathabwa kaja, mayi ameneyu adziwa ngati anafafaniza mlongo wake ndi manja ake kapena ayi, ndipo adzakhala nazo mpaka imfa.

Ndinatsegula kathabwa, kuwala n'kulowa ngati ndodo. Ndinatukula filimu ikudontha. Kumayambiriro kwake kunali mtengo wa mango, mpando, ndi munthu wa mkanjo atakhalapo.

"Alimo!" ndinakuwa. "Amayi, alimo!"

Anabwera mopunthwa n'kusuzumira, kenako anabwerera m'mbuyo. "Ameneyu ndi mzungu wa ndevu zakuda. Achimwene ndevu zawo zinali zoyera ngati thonje. Watsuka munthu wa eni."

Ndinawafotokozera kuti pafilimu zonse zimakhala chotembenuka, choyera chimada, chakuda chimayera, ndipo zimawongoka zikapita papepala. Koma ndikulankhula choncho, maso anga anali ataona zina, ndipo chimwemwe chija chinayamba kuzilala. Che Saidi anajambulidwa kawiri. Pachithunzi chimodzi, pomwe anakhala mowongoka bwino, mpamene panamatirira paja, ndipo nkhope yonse inali itasupuka, kutsala mkanjo wopanda mutu. Pachinzakecho nkhope inalipo, koma kuchokera m'mbali munali chimzere chachikulu chofika mpaka pamutu. Ndinati basi, madzi adutsanso apa. Sindinawauze. Ndinapachika filimu kuti iume, mumthunzi, ndipo ndinawaphikira tiyi amene sanamwe.

Itauma tinalowanso. Ulendo uno ndinatsegula galasi lofiira, chifukwa pepala la zithunzi silimva kuwala kofiira, umatha kuliyang'ana osaliwononga. Kachipinda konse kanafiira, ife n'kumaonana ngati anthu a m'maloto. Ndinagoneka filimu papepala, ndinapsinja ndi galasi, ndinatsegula kathabwa kamphindi kuti dzuwa lidutsepo, n'kutsekanso.

"Dzuwa lomwe lija?" anafunsa mokayika. "Si unati ndi mdani?"

"Likalowa pang'ono, pa nthawi yake, ndi mbale."

Pepala linali loyera, lopanda kanthu. Ndinaliika m'beseni n'kumaligwedeza, mitu yathu itagundana pamwamba pake. Poyamba panabwera mthunzi wa mango. Kenako miyendo ya mpando, kenako maso awiri, mphuno, ndipo ndevu zinatsala zoyera pakati pa zonsezo. Nkhalamba ija inatuluka m'madzimo pang'onopang'ono, mutu utapendekera kumbali, pakamwa pali yasa, ikuseka mpaka kuonetsa chibwano chopanda mano. Ndipo chimzere chija sichinali madzi ayi. Unali mkono wa munthu, wa chibangili chimodzi, wochokera kunja kwa chithunzi, zala zake zitagwira chisoti cha nkhalambayo.

Abiti Bwanali anatukula mkono wawo m'kuwala kofiirako, anayang'ana chibangili chawo, n'kuyang'ananso m'beseni.

"Dzanja ili ndi langa," anatero. "Chisoti chinapendekeka, ndiye ndinapita kukachiwongola. Iwo amvekere, ndisiye iwe, ndine mkulu wako. Ine ndikuti mkulu wanji wosatha kuvala chisoti. Kani amuna akowo anali atatsina kale?"

Anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira ine osaona pomwe kunasinthira. Anandiuza kuti chimwalirire alongo awo anali asanagwetse msozi, poti zonse zinachitika mothamanga, amuna ananyamula maliro kupita nawo kumanda komwe akazi safika, iwo n'kutsala akuphikira alendo. Nanenso ndinalira, chonsecho Che Saidi sindinawaonepo ali moyo. Ndinasamutsa pepala lija m'beseni lomaliza misozi ikugwera momwemo, ndipo ndinawauza kuti likauma tiliika mu envelopu lipite ku Joni.

Anagwira dzanja langa. Anawerama pabeseni, n'kupereka moni wa Chisilamu kwa alongo awo monga amachitira munthu akalowa pakhomo, ndipo anadikira pang'ono ngati ayankhidwa.

"Cha ku Jonicho utsuke china, mwanangu," anatero, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Ichi ndikupita nacho ku Chikweo. Anthu azidziwa kuti achimwene sindinawalole kupita chisoti chili chopendekeka."